Ndani Ayambe Kukhala Cete?

Kalata ya Yakobo Woyera timaiwerenga motsatizana m'Caka B, kuyambira Lamulungu la 22 kufikira la 26 la pacaka. Koma m'kalatayo muli mau ena amene Mkhristu wofika ku Misa pa Lamulungu pokha angathe kukalamba osawamva akuwerengedwa m'chalichi. Phunziro la Lamulungu la 22 limatenga ndime 17 ndi 18 za mutu woyamba, kenaka limalumphira ku ndime 21, ndipo ndime 19 ndi 20 zimatsala. Izi zimamveka pa Misa ya mkati mwa sabata, Lacitatu la sabata lacisanu ndi cimodzi la pacaka, kamodzi pa zaka ziwiri. Mu 2024 tsikulo linakumana ndi Lacitatu la Phulusa, motero ngakhale Akhristu a Misa ya m'mawa sanazimve.

M'ndime ziwirizo Yakobo apempha kuti khutu la munthu aliyense likhale lacangu, koma pakamwa pake ndi mkwiyo wake zizibwera pambuyo, pang'onopang'ono. Cifukwa cimene apereka ndi cakuti ukali wa munthu sufikitsa ku cilungamo cimene Mulungu afuna.

Palibe Mkhristu amene amatsutsa zimenezi. Bvuto lake ndi lakuti aliyense pozimva amaganizira munthu wina. Mwamuna ayang'ana mkazi wake, apongozi akumbukira mkamwini kapena mtengwa, wapampando aganiza za mnyamata uja wa mafunso ambiri pa msonkhano. Ndipo tikayang'anitsitsa, amene timamuuza kuti adzicepetse ndi kugwira pakamwa pake, kawirikawiri ndi uja amene ali pansi kale. Mau a Yakobo tawasandutsa ndodo ya akulu yokhalitsira cete ang'ono. Koma Malembo ndi mwambo wa Eklezia zionetsa kuti udindo wa kukhala cete ndi kumvetsera uyamba ndi iye amene mau ake ali ndi mphamvu yotha nkhani.

YAKOBO ANALANKHULA POTSIRIZA

Mwambo wakale wa Eklezia umati wolemba kalatayi ndi Yakobo uja amene anali mtsogoleri wa Akhristu a ku Yerusalemu. Timakumana naye m'buku la Nchito za Atumwi, mutu 15, pa msonkhano umene unacitika ca m'ma 49 kapena 50. Nkhani yake inali yoopsa, yokhoza kung'amba Eklezia pakati: kodi anthu a mitundu ina olowa Cikhristu ayenera kuumbalidwa ndi kusunga Malamulo onse a Mose? Luka sabisa kuti panali kutsutsana kwakukulu. Petro anaimirira nalankhula. Pambuyo pake khamu lonse linakhala cete ndi kumvetsera Barnaba ndi Paulo akusimba zimene Mulungu anacita pakati pa akunja. Yakobo, mwini mudzi, sanatsegule pakamwa kufikira iwo atamaliza. Ndipo pamene anayamba kulankhula, anayamba ndi kubwereza zimene Petro ananena, asanapereke maganizo ake.

Ife a kuno sitiyenera kudabwa nazo. Pa bwalo la milandu kumudzi, mfumu yanzeru siyamba ndiyo kulankhula. Wodandaula afotokoza, woimbidwa mlandu ayankha, mboni ndi ankhoswe anena mbali yao, nduna zifunsa mafunso, ndipo mfumu iri phee, mwina maso ali pansi ngati yagona. Ikalankhula msanga, mlandu wafera pomwepo, pakuti ndani angatsutse mfumu pamaso pa anthu ake? Makolo athu anadziwa kuti mau a wamkulu amatseka pakamwa pa ena, ncifukwa cake anawasungira kumapeto. Anadziwanso kuti pokhala cete pamenepo mfumu idzamva ndi zoiwawa zomwe, ndiye anati mutu ukakula sulewa nkhonya.

LAMULO LA BENEDICT WOYERA

Munthu amene anaika nzeru imeneyi m'malemba mwadongosolo ndi Benedict Woyera wa ku Nursia, m'dziko la Italy, amene anabadwa ca m'ma 480 namwalira ca m'ma 547. Pa phiri la Monte Cassino analembera amonke ake lamulo la moyo la mitu 73, limene likutsatidwa mpaka lero, ngakhale kuno kwathu ku Katibunga m'dayosizi ya Mpika. Liu loyamba m'buku lonselo ndi lopempha munthu kumvera, ndipo Benedict awonjeza kuti kumverako kukhale kwa khutu la mumtima.

Ambiri amalidziwa lamuloli cifukwa ca mutu 6, wonena za kusunga cete, ndi mutu 7, wa makwerero 12 a kudzicepetsa. Pa makwerero amenewa, atatu ali pakamwa: kusalankhula usanafunsidwe, kusafulumira kuseka, ndi kulankhula mofatsa, mau ocepa ndi anzeru, osakweza mau. Woŵerenga mitu iwiri yokhayi angaganize kuti Benedict anafuna nyumba ya anthu ogwada pamaso pa mkulu mmodzi. Koma mutu 3 ubwera patsogolo pa yonseyi. M'menemo alamula kuti pakakhala nkhani yaikulu, mkulu wa nyumba aitane abale onse, awafotokozere nkhaniyo, amve uphungu wao, ndipo pokhapo aganize ndi kugamula. Cifukwa cake coitanira onse acinena poyera: kawirikawiri Ambuye amaululira wamng'ono cimene ciri cabwino koposa. Mau amenewa analembedwa zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, m'dziko limene mwana analibe conena pamaso pa atate ake, monganso kwathu kuno.

Benedict sanaiwale msungicuma. M'mutu 31 amulangiza kuti mbale akapempha cinthu cosayenera, asamukhumudwitse ndi mnyozo, koma amukanize modzicepetsa ndi kumuuza cifukwa cake. Ndipo ngati palibe copereka, apereke mau abwino. Ndime imeneyi iyenera kupacikidwa pa citseko ca ofesi ya parishi iriyonse, ndi pa mazenera onse pamene anthu osauka amaima pamzere kudikira cithandizo. Munthu wogwira makiyi amayesedwa tsiku ndi tsiku kuyankha mwaukali, pakuti adziwa kuti wopemphayo sangabweze.

Za mkulu wa nyumba mwini wake, mutu 64 umucenjeza kuti asakhale waphuma, wansanje kapena wokayikira aliyense, ndi kuti podzudzula asapitirire muyeso, kuopa kuti popala dzimbiri mwamphamvu angaboole mphika.

MISONKHANO YATHU

Kuyambira m'zaka za 1973 ndi 1976, pamene maepiskopi a bungwe la AMECEA anasankha timagulu ting'onoting'ono ta Akhristu kukhala maziko a moyo wa Eklezia m'cigawo cino ca Africa, takhala anthu a misonkhano. Tikumana pa kagulu, pa khonsolo ya parishi, m'mabungwe a amai, a abambo, a acinyamata ndi a kwaya. Colinga cinali cakuti Mkhristu aliyense akhale ndi malo pamene mau ake angamveke. Koma onse tidziwa m'mene misonkhano yambiri imayendera. Wapampando atsegula ndi pemphero, afotokoza nkhani, anena maganizo ake, ndipo pamapeto afunsa ngati alipo wotsutsa. Alankhula ndi anthu atatu omwe aja: wophunzira, wa ndalama, ndi wa mau okweza. Gogo wokhala pa mphasa kumbuyo, amene adziwa nyumba iriyonse imene muli wodwala, abwerera kwao osanenapo kanthu. Zotsutsa zake zidzamveka m'njira pobwerera, kapena pa mjigo m'mawa mwake, ndipo ife tidzazicha misece.

Papa Francis anaona bvuto lomweli pakati pa maepiskopi. Pa Sinodi ya acinyamata mu 2018 analamula kuti akalankhula anthu asanu, onse akhale cete kwa mphindi pafupifupi zitatu. Pa misonkhano ikuluikulu ya Sinodi mu October 2023 ndi October 2024 ku Roma, anthu sanakhale m'mizere moyang'ana kutsogolo monga kale, koma pa matebulo ozungulira, makadinala pamodzi ndi asisitere ndi Akhristu wamba. Mu 2023 amai 54 anali ndi mphamvu yoponya voti, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Sinodi ya Maepiskopi.

Njira imene anatsata pokambirana ndi yapafupi, ndipo siifuna ndalama. Poyamba aliyense alankhula kwa mphindi zowerengeka, mmodzimmodzi, popanda womudula kapena womuyankha. Kenaka onse akhala cete ndi kupemphera. Ulendo waciwiri munthu saloledwa kubwereza maganizo ake; anena cimene camukhudza m'mau a anzake. Akhalanso cete, ndipo pokhapo ayamba kufunafuna pamodzi pamene agwirizana ndi pamene asiyana. Ulendo waciwiriwo ndiwo mankhwala ake. Ambirife pamene mnzathu akulankhula sitimumva konse, timakhala tikunola yankho lathu. Koma munthu amene adziwa kuti adzafunsidwa zimene mnzake wanena, sangacitire mwina koma kuchera khutu. Kagulu ka Akhristu khumi ndi awiri pansi pa mtengo wa mango kangathe kucita zomwezo Lamulungu likudzali, malinga wapampando abvomere kulankhula potsiriza.

KUDZICEPETSA NDI KUCEPETSEDWA

Cinenero cathu citithandiza pamenepa. Liu lakuti kudzicepetsa liri ndi kacigawo kakuti "dzi", kosonyeza kuti munthu acita yekha, mwa kufuna kwake. Pamene wina akupondereza ndi kukutseka pakamwa, kumeneko ndi kucepetsedwa, ndipo sikukondweretsa Mulungu. Paulo Woyera polembera Afilipi (2:5-8) apereka citsanzo ca Khristu, amene anali ndi ulemerero wa Umulungu koma anausiya mwa kufuna kwake natenga maonekedwe a kapolo. Pa mgonero wotsiriza wosambitsa mapazi anali Mbuye ndi Mphunzitsi (Yohane 13). Ophunzira atakangana za ukulu, Yesu anauza wamkulu kuti akhale ngati wamng'ono (Luka 22:24-27). Wamng'onoyo sanamuwonjezere katundu.

Ndipo Yesu sanakhale cete nthawi zonse. Pamaso pa Herode sanayankhe kanthu, ndi pamaso pa Pilato anayankha pang'ono. Koma mlonda wa mkulu wa ansembe atamumenya khofi, Ambuye anamufunsa mwacindunji kuti asonyeze colakwa cake, ndipo ngati palibe, anene cifukwa comumenyera (Yohane 18:22-23). Sanabwezere, sanatukwane, koma sanabisenso kuti walakwiridwa.

MONICA WOYERA NDI ALANGIZI ATHU

Izi zitifikitsa pa banja, pamene phunziro la kudzicepetsa lapweteka anthu ambiri. Amai Acikatolika amakonda Monica Woyera, ndipo ndi koyenera. Anali mai wa ku Africa, wa ku Thagaste m'dziko limene lero ndi Algeria, ndipo anamwalira mu 387. Mwana wake Augustine Woyera, m'buku lake la Confessions, asimba kuti atate ake Patricius anali munthu wa mtima wapacala ndiponso wosakhulupirika m'banja. Monica sanali kutsutsana naye ali mkati mwa ukali. Anali kudikira kufikira mtima wake utatsika, ndipo pamenepo anali kumufotokozera bwino cimene anacita ndi cifukwa cake. Tione kuti sanameze nkhani. Anasankha nthawi yoinenera. Patricius anabatizidwa kumapeto kwa moyo wake.

Augustine asimbanso khalidwe lina la amai ake limene sitilichula kawirikawiri. Akazi awiri akadana, aliyense anali kubwera kwa Monica kudzakhuthula zowawa za mnzake. Iye sanali kunyamula mau a uyu kupita nawo kwa uyo, kupatula okhawo okhoza kuwayanjanitsa. Pa ici cokha Monica akanayenera kale kuchedwa woyera.

Koma m'nkhani yomweyi muli mbali yofuna kusamala. Augustine anena kuti akazi ena a m'mudzimo anali ndi zipsera za nkhonya kumaso, ndipo Monica anali kuwauza kuti alakwa ndi malilime ao, nawakumbutsa kuti pangano la ukwati linawaika pansi pa amuna ao. Umo ndi m'mene malamulo ndi maganizo a Aroma a nthawi imeneyo analiri. Uphungu umenewu sitingaubwereze lero kwa mai wobwera ndi diso lotupa, ngakhale timaumva pa zilangizo zambiri m'mau akuti banja ndi kupirira, za m'nyumba saulula. Eklezia saphunzitsa zimenezo. Malamulo a Eklezia, pa nambala 1153, alola mwamuna kapena mkazi kucoka pamene mnzake aika moyo wake kapena wa ana pa ngozi yaikulu. Papa Francis m'kalata yake Amoris Laetitia ya mu 2016 anacha nkhanza kwa amai kuti ndi mantha obvala cikopa ca mphamvu, nanena kuti nthawi zina kupatukana kumakhala kofunika pofuna kuteteza wofooka ndi ana. Dziko lathu nalonso liri ndi lamulo la mu 2011 loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndipo ku polisi kuli nthambi ya Victim Support Unit. Mai wopita kumeneko sanacimwire kudzicepetsa. Alangizi, ankhoswe ndi akatekisiti amene amubweza kunyumba ndi ndime ya Yakobo aiwerengera munthu wolakwika. Wofunika kuimva ndi mwini nkhonya.

MKWIYO

Yakobo sanena kuti tisapse mtima konse, anena kuti ticedwe. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka mu 1992, aphunzitsa kuti zimene timamva mumtima, monga mantha, cisoni ndi mkwiyo, mwa izo zokha si zabwino kapena zoipa. Zimakhala chimo malinga ndi cimene tasankha kucita nazo. Mkwiyo umene auchula kuti ndi chimo ndi uja wofuna kubwezera ndi kuona mnzako akupwetekeka. Yesu anapsa mtima m'sunagoge poona kuuma mtima kwa anthu amene sanafune kuti munthu wopuwala dzanja acire pa Sabata (Marko 3:5). Cimene anacita nao mkwiyowo ndi kuciritsa dzanjalo.

Pa nkhani imeneyi tiri ndi mphunzitsi wodziwa, Francis de Sales Woyera, Episkopi wa Geneva kuyambira 1602 kufikira imfa yake mu 1622. Amakumbukika ngati woyera wa kufatsa, koma olemba mbiri yake amati mwacibadwa anali wofulumira kupsa mtima, ndipo kufatsako anakupeza ndi thukuta la zaka zambiri. M'buku lake la mu 1609, limene analembera anthu wamba a m'mabanja ndi a pa nchito, sakhulupira konse anthu odzitama kuti adziwa kupsa mtima mwa muyeso. Iye aona kuti palibe munthu wokwiya amene amaganiza kuti mkwiyo wake ndi wopanda cifukwa, ndipo ukangolowa m'nyumba ndi wobvuta kuutulutsa. Ncifukwa cake alangiza kuutsekera kunja usanakhazikike, koma mofatsa, pakuti wolimbana ndi mkwiyo mwaukali angouwonjezera nkhuni. Ukazindikira kuti wamulankhulira munthu mwaukali, umucitire cinthu cacifundo nthawi yomweyo, munthu yemweyo, bala likali laliwisi. Awonjeza cinthu cimene ambiri sitinaciganizepo: kuti tisadzipsere mtima cifukwa cakuti tapsa mtima. Munthu wodzitukwana yekha atalakwa ali ndi kunyada kobisika, adabwa kuti munthu ngati iye angagwe bwanji.

Tate amene akalowa pakhomo ana onse amazimitsa kuseka kwao angaganize kuti amenewo ndi ulemu. Adzazindikira mocedwa, pamene mwana wake wamkazi adzabisa pathupi kufikira mwezi wacisanu, kapena mwana wamwamuna adzabisa kuti anacotsedwa sukulu. Ana amaleka kuuza zinthu kholo limene limayankha nkhani isanathe. Paja samva za anzake anamva nkhwangwa iri m'mutu.

MOTO WA M'THENGO

M'mutu 3 Yakobo ayerekeza lilime ndi kamoto kakang'ono kotentha nkhalango yaikulu. Amene anaonapo lupsa la mwezi wa September safuna womasulira. Mnyamata wosaka mbewa ayatsa udzu pa dzenje limodzi, mphepo iwomba, ndipo pofika madzulo nkhokwe za anthu osadziwa kanthu ndi phulusa. Masiku ano mphepoyo iri m'thumba mwathu. Mau amene kale anali kuthera pa citsime tsopano amajambulidwa pa foni ndi kutumizidwa pa WhatsApp ku gulu lonse la parishi, ndi kwa acibale a ku Lusaka ndi ku Johannesburg, wonenedwayo asanadye nsima ya madzulo. Wotumiza amadzikhululukira kuti iye wangopatsira ena zimene analandira.

Katekisimu, pa nambala 2477, asiyanitsa macimo atatu: kuweruza mnzathu popanda umboni wokwanira, kuulula zolakwa zake zoona kwa anthu osazidziwa popanda cifukwa coyenera, ndi kumunamizira. Laciwirilo ndilo limatigwira ambiri, pakuti timayesa kuti nkhani ikakhala yoona tiri ndi ufulu woifalitsa. Pa nambala 2487 awonjeza kuti wowononga mbiri ya mnzake ali ndi ngongole yoikonza, ngakhale atakhululukidwa kale m'Sakramenti la Kulapa. Apanso katundu alemera molingana ndi mpando. Mau oipa ocokera kwa wansembe, kwa katekisiti, kwa mphunzitsi kapena kwa mai wapampando amakhulupiridwa msanga ndipo amafika patali kuposa a munthu wamba. Iwowa ndiwonso amamva zinsinsi zambiri za mabanja.

Benedict anadziwa kuti ngakhale m'nyumba ya anthu osunga cete, minga ya mikangano imamera ndithu. M'mutu 4 alamula kuti wokangana ndi mnzake ayanjane naye dzuwa lisanalowe, motsata Paulo Woyera (Aefeso 4:26). Ndipo m'mutu 13 akhazikitsa mwambo uwu: pa nthawi zina za mapemphero, pemphero la Atate Athu linenedwe camumtima kufikira mau otsiriza, koma pa mapemphero a m'mawa ndi a madzulo linenedwe lonse mokweza, abale onse akumva, kuti pangano la kukhululukirana liwagwire asanayambe nchito ndiponso asanagone. Wolinena mokweza, kawiri pa tsiku, pamaso pa anthu amene mwina wawalakwira masana omwewo, ndi mkulu wa nyumba.